Diso Lolowa M'kati mwa Mtsempha wa Mtima

Lachinayi lina madzulo, ana a madrasa atangoweruka, ife tikupinda mikeka, padafika mayi wina wachikulire wa konkuno kwa Malemia atafumbata envulopu yaikulu yakhaki. Titapatsana salamu adaitula patsogolo pathu nati, "Mwalimu, tiwerengereniko mapepalawa. Kunyumba kulibe mtendere."

Nkhani yake idali yotere. Amuna awo, bambo wa zaka za m'ma 60 amene moyo wawo wonse akhala akupikula mpunga ku Domasi n'kumakagulitsa pa Songani, adayamba kumva kulemera pachifuwa akamapalasa njinga pachitunda. Akatsika n'kupuma pang'ono, kulemerako kunkatha. Kwa chaka chathunthu ankangoti n'chilungulira. Tsiku limene adapita kuchipatala adawapeza ndi BP yokwera komanso shuga, ndipo atawapima bwino madokotala adati mitsempha yodyetsa mtima yayamba kutsekeka. Ana adasonkha ndalama, wina ali ku Johannesburg wina ku Blantyre, dimba limodzi lidagulitsidwa, ndipo bambowo adanyamuka ulendo wa ku India ndi mwana wawo wachisamba. Kumeneko dokotala adauza mwanayo kuti poika kachitsulo kotsegula mtsempha ndi bwino kugwiritsanso ntchito chipangizo china chotchedwa IVUS, koma mtengo ukwererapo. Mwanayo adavomera pomwepo osayamba wafunsa kumudzi. Bambowo adabwerako ali bwino, koma abale ataona malisiti adayamba kung'ung'udza. Ena ankati mnyamatayo adapusitsidwa, ena ankati adadyapo.

"Zilembo zinayi zokhazi," adatero mayiwo akuloza papepala, "ndizo zadanitsa ana anga. Kodi chimenechi n'chiyani?"

Ife ntchito yathu ndi yophunzitsa ana, osati yochiza. Koma paja safunsa adadya phula. Tidafunsa odziwa, tidawerenga, ndipo zimene tidapeza taona kuti tigawane ndi inu owerenga athu, popeza masiku ano si zachilendonso kumva kuti uje wapita ku India, ku South Africa kapena ku Dar es Salaam chifukwa cha mtima.

Mtima nawonso umadya

Mtima ndi mnofu waukulu ngati chibakera cha mwini wake, ndipo umagunda pafupifupi ka 100,000 pa tsiku. Ngakhale kuti magazi onse a m'thupi amadutsa m'zipinda zake, mtima sudya magazi amenewo. Uli ndi mitsempha yakeyake imene imayanga pamwamba pake ngati mizu ya mtengo n'kulowa m'mnofumo. Mitsempha ikuluikulu ndi iwiri, wa kumanja ndi wa kumanzere, ndipo wa kumanzere umachita mphanda n'kukhala iwiri. Kukula kwake ndi mamilimita 3 kapena 4 basi, ngati kachubu ka inki ka m'bolopeni. Moyo wa munthu wamkulu wonyamula thumba la mpunga wapachikika pa timipope tating'ono chotero.

Mmodzi mwa anthu oyamba kulemba zimenezi adali Ibn al-Nafis, sing'anga amene adaphunzira ku Damascus n'kukagwira ntchito ku Cairo, komwe adamwalira mu 1288. Pothirira ndemanga buku la Ibn Sina, iye adafotokoza mmene magazi amachokera kumtima n'kudzera m'mapapo, ndipo adatsutsa ganizo lakale loti mtima umadya magazi a m'chipinda chake. Adati chakudya cha mtima chimafika kudzera m'mitsempha yoyenda m'mnofu wake. Mitsempha imeneyo ndiyo nkhani yathu lero.

Mmene njira imachepera

Ife a m'chigwa cha Domasi tikudziwa zimene zimachitika ngalande ya m'dimba ikadzaza matope, kapena paipi yotsika ndi madzi kuchokera kuphiri ikayamba kutsekeka: kumunsi madzi amafika mongodontha. Mtsempha wa mtima umachitanso chimodzimodzi, koma pali kusiyana kumodzi kofunika kukumvetsa. Matope amakhala pamwamba pa ngalande, pamene mafuta otseka mtsempha amalowa m'khoma lenileni la mtsemphawo n'kumatukumula khomalo pang'onopang'ono kwa zaka 20 kapena 30. Pakapita nthawi malo ena amauma gwa ngati chigoba cha dzira. Zimene zimafulumizitsa ntchito yoipayi ndi BP yokwera, shuga, fodya, mafuta ochuluka m'magazi, kunenepa kwambiri, ukalamba, ndiponso mtundu ngati makolo adadwalapo matendawa.

Njira ikachepa, munthu amakhala bwinobwino akakhala pansi, koma akakwera chitunda mtima umafuna magazi ambiri kuposa amene akudutsa, ndipo pachifuwa pamalemera ngati wina wasanjikapo mtondo. Ndi zimene zinkawachitikira bambo aja. Choopsa koposa n'chakuti chotupa cha m'khomacho chimatha kung'ambika mwadzidzidzi, magazi n'kuundana pomwepo, njira n'kutsekeka yonse. Pamenepo mnofu wa mtima umayamba kufa m'mphindi zochepa. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lidawerengera kuti mu 2019 matendawa adapha anthu pafupifupi 9 miliyoni, kuposa matenda ena alionse.

Mu 1987 katswiri wina wa ku Chicago, Seymour Glagov, adaonetsa chinthu chodabwitsa. Mafuta akayamba kuunjikana m'khoma, mtsempha umayamba wafutukukira kunja kuti njira ya magazi isachepe. Choncho mtsempha ungathe kudwala ndithu koma njira yake n'kumaonekabe yabwino. Akuluakulu adanena kale za chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Kuona mthunzi

Kwa nthawi yaitali panalibe njira yoonera mitsempha ya mtima wa munthu wamoyo. Mu 1929 dokotala wachinyamata wa ku Germany, Werner Forssmann, adadzilowetsa yekha kachubu kopyapyala mumtsempha wa pamkono mpaka kadafika kumtima, kenaka adadzijambulitsa pa X-ray kuti anzake akhulupirire. Akuluakulu ake adamuona ngati wamisala, koma mu 1956 adalandira nawo mphoto ya Nobel. Mu 1958 Mason Sones wa ku Cleveland ku America adapeza kuti n'zotheka kuthira utoto wooneka pa X-ray mumtsempha weniweni wa mtima popanda kupha munthu. Kujambula kumeneku kumatchedwa angiogram, ndipo mpaka lero ndiko poyambira.

Masiku ano dokotala amabaya pamkono pomangira wotchi paja, kapena m'mphechepeche mwa ntchafu, n'kuyendetsa kachubu mpaka pakamwa pa mtsempha wa mtima. Wodwala sagonekedwa tulo, amangomuchititsa dzanzi pobayapo. Utoto ukathiridwa, pagalasi pamaoneka njira ya magazi ngati mtsinje wakuda ndi nthambi zake, ndipo pamene paphinjika pamaoneka powonda.

Koma tiyeni tiganize bwino. Mukaika mtsuko patsogolo pa koloboyi usiku, pakhoma pamaoneka mthunzi wake. Mthunziwo ukuuzani msinkhu wa mtsuko ndi kukula kwa mimba yake, koma sukuuzani ngati dongo lake ndi lochindikala, ngati m'kati muli mng'alu, kapena ngati mbali ina ndi yophwatalala. Angiogram ndi mthunzi wotero. Imaonetsa utoto umene uli m'njira, koma khoma, momwe muli matendawo, silioneka. Dokotala amayerekeza malo owonda ndi malo oyandikana nawo amene akuoneka abwino, chonsecho, monga adaonetsera Glagov, malo "abwinowo" angakhale odwalanso. Akatero angathe kuganiza kuti mtsempha ndi waung'ono pamene ndi waukulu.

Kachitsulo kolukidwa ngati mono

Pa 16 September 1977 ku Zurich m'dziko la Switzerland, Andreas Gruentzig adalowetsa kabaluni kakang'ono mumtsempha wa mtima wa bambo wa zaka 38 ali maso, adakapopa, ndipo njira idatseguka popanda kung'amba chifuwa. Vuto lidali lakuti mwa odwala atatu alionse, mmodzi mtsempha wake unkachepanso pakangopita miyezi. Mu 1986 Jacques Puel ku Toulouse ndi Ulrich Sigwart ku Lausanne adayamba kusiyamo kachitsulo kochirikiza khoma, kamene kamatchedwa sitenti.

Amene adaonapo mono wa asodzi a ku Chilwa kapena ku Malombe sangavutike kumvetsa sitenti. Ndi kachubu kolukidwa ndi timawaya topyapyala, kokhala ndi mipata ngati mono, koma kakang'ono ngati kasipuling'i ka m'bolopeni. Kamalowa kali kofinyika pamwamba pa kabaluni. Kabaluni kakapopedwa, sitenti imatambasuka n'kukanikiza khoma, kabaluni n'kuphwetsedwa n'kutulutsidwa, sitenti n'kutsala momwemo moyo wonse. Pakapita miyezi kakhungu ka m'kati mwa mtsempha kamamera n'kuikuta. Kuyambira cha m'ma 2002 ndi 2003 kudabwera masitenti opakidwa mankhwala oletsa mnofu kumera mopyola muyezo, ndipo kutsekekanso kudachepa kwambiri.

Komabe sitenti ndi yabwino pokhapokha itaikidwa bwino. Ikakhala yaing'ono kuposa mtsempha, kapena ikapanda kutambasuka mokwanira chifukwa chakumana ndi malo ouma, kapena ikathera pakati pa malo odwala, magazi angathe kuundana pamenepo kapena njira kuchepanso. Tiyeni tiwerengere pang'ono. Sitenti yoyenera kutambasuka mamilimita 3 ikangofika pa 2.5, diso silingaone kusiyanako pamthunzi uja, koma mpata wodutsa magazi wachepa ndi magawo 30 pa 100. Theka la milimita ladya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a njira.

Kulowa m'kati n'kuyang'ana

Apa m'pamene zilembo zinayi zija zikulowera. IVUS ndi sikani, yofanana ndi imene amayi oyembekezera amapimidwa nayo pamimba, koma kamutu kake ndi kakang'ono kuposa kambewu ka mapira, ndipo kamamangidwa kunsonga ya kachubu kochindikala pafupifupi milimita imodzi. Kachubuko kamalowa mumtsempha wa mtima, kamapitirira malo odwala, kenaka kamakokedwa chambuyo pang'onopang'ono. Pobwerera kamatulutsa mawu amene khutu la munthu silingamve, mawuwo amagunda khoma n'kubwerera, monga amachitira mleme pouluka mumdima, ndipo makina amasandutsa mawu obwererawo kukhala chithunzi. Dokotala amaona mtsempha ngati mmene mumaonera nsungwi mukaidula pakati: bowo, khoma, ndi zonse zili m'khomamo. Mmodzi mwa amene adayambitsa chipangizochi kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi dokotala wa ku California, Paul Yock.

Pali chipangizo chinanso chotchedwa OCT, chimene m'malo mwa mawu chimagwiritsa ntchito kuwala. Njirayi idalengezedwa mu 1991 ndi gulu la James Fujimoto ku America, ndipo idayamba kuthandiza madokotala a maso isadafike kumtima. IVUS imaona zinthu zochindikala ngati tsitsi limodzi, pamene OCT imaona zochepa kakhumi kuposa pamenepo. Koma kuwala sikudutsa m'magazi, choncho pojambula amayenera kukankha magazi ndi utoto kwa timphindi tochepa, ndiponso sikulowa patali m'khoma. Utoto wambiri umalemetsa impso, n'chifukwa chake kwa munthu wa impso zofooka, monga ambiri odwala shuga, madokotala amakonda IVUS.

Diso la m'katili limagwira ntchito kawiri. Sitenti isadaikidwe, limauza dokotala kukula kwenikweni kwa mtsempha, pamene matenda ayambira ndi pamene athera, ndiponso ngati khoma lauma kotero kuti liyenera kuyamba laphwanyidwa kapena kupalidwa. Sitenti itaikidwa, limaonetsa ngati yatambasuka mokwanira, ngati yagunda khoma mbali zonse, ndiponso ngati khoma silidang'ambike kumapeto kwake. Pakapezeka cholakwika, dokotala amakonza nthawi yomweyo wodwala asadatsike pabedi.

Phindu lake lidaonekera msanga. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, Antonio Colombo ndi anzake ku Milan m'dziko la Italy adayamba kuyang'ana ndi IVUS masitenti amene pa angiogram ankaoneka okhala bwino. Adapeza kuti ambiri mwa iwo sadali otambasuka mokwanira. Atayamba kuwapopanso ndi mphamvu, kuundana kwa magazi kudachepa, ndipo zimene adalemba mu 1995 zidasintha kaikidwe ka masitenti padziko lonse.

Kodi kafukufuku akuti chiyani?

Madokotala sakhulupirira chinthu chifukwa choti chikumveka chanzeru. Amagawa odwala m'magulu awiri mwamaere, gulu lina n'kulithandiza mwanjira iyi, lina mwanjira inayo, kenaka n'kuwerenga zotsatira.

Ku China, kafukufuku wotchedwa ULTIMATE, amene zotsatira zake zidatuluka mu 2018, adatsata odwala 1,448. Patatha chaka, mwa amene adaikidwa sitenti ndi angiogram yokha, oposa 5 pa 100 alionse adakumana ndi vuto pa mtsempha womwewo, kaya imfa, kaya kudwalanso mtima mwadzidzidzi, kaya kubwereranso kuti akatsegulidwenso. Mwa amene adaunikidwa ndi IVUS adali pafupifupi 3 pa 100. Ku South Korea, kafukufuku wa RENOVATE-COMPLEX-PCI wa mu 2023 adatenga odwala 1,639 a mitsempha yovuta. Patatha zaka ziwiri, mavuto adagwera pafupifupi 12 pa 100 mwa oikidwa ndi angiogram yokha, ndi pafupifupi 8 pa 100 mwa ounikidwa m'kati. Chaka chomwecho kafukufuku wa OCTOBER wa ku Ulaya, pa odwala 1,201 amene matenda awo adali pamphanda ya mtsempha, adapeza 14 pa 100 kuyerekeza ndi 10 pa 100.

Tinene chilungamo chonse. Kafukufuku wina wamkulu wa mu 2023, ILUMIEN IV, wa odwala 2,487, adapeza kuti OCT idathandiza masitenti kutambasuka bwino ndipo kuundana kwa magazi pa sitenti kudachepa, koma mavuto onse atawaphatikiza pamodzi, kusiyana kwa magulu awiriwo patatha zaka ziwiri kudali kochepa. Tionenso kuti ngakhale m'gulu la angiogram yokha, odwala ochuluka zedi adakhala bwino. Choncho amene m'bale wawo adaikidwa sitenti popanda chipangizochi asade nkhawa kuti adalakwiridwa.

Atasonkhanitsa umboni wonse, a bungwe la madokotala a mtima ku Ulaya adalemba m'malangizo awo a mu 2024 kuti kuunika m'kati kuzichitika poika sitenti pamalo ovuta, makamaka patsinde la mtsempha wa kumanzere, pamphanda, ndi pamene malo odwala ndi aatali. Ku Japan madokotala amaunika m'kati pafupifupi nthawi zonse. M'maiko ambiri sizili choncho, ndipo chifukwa chachikulu ndi ndalama: kachubu kounikirako kamagwira ntchito kamodzi kokha n'kutayidwa, makina ake ndi odula, ndipo pamafunika dokotala wophunzitsidwa kuwerenga zithunzizo. Kuunikako kumawonjezeranso mphindi zingapo, ndipo mwa apo ndi apo kachubuko kangathe kupweteka khoma.

Musanagulitse dimba

Mabanja athu akamva kuti m'bale ali ndi vuto la mtima, mantha amathamangitsa maganizo. Pali zinthu ziwiri zoyenera kudziwa musanagulitse dimba kapena bwato.

Choyamba, si matenda onse a mtima amene amafuna sitenti. Kuno kwathu ambiri odwala mtima vuto lawo ndi mtima wotupa ndi wotopa chifukwa cha BP ya zaka zambiri, kapena zitseko za mtima zoonongeka chifukwa cha zilonda za kukhosi zimene sizidachizidwe paubwana. Amenewa sitenti siwathandiza.

Chachiwiri, pali kusiyana pakati pa mtsempha wotsekeka mwadzidzidzi ndi wochepa pang'onopang'ono. Woyambawo, kuutsegula msanga kumapulumutsa moyo. Koma kwa munthu amene chifuwa chimangolemera pachitunda n'kusiya akapuma, kafukufuku wa COURAGE wa mu 2007 ndi wa ISCHEMIA wa mu 2020, amene adatsata odwala 5,179, adaonetsa kuti ambiri amene adayamba ndi mankhwala okha adakhala ndi moyo zaka zofanana ndi amene adathamangira kutsegulidwa. Chimene sitenti idawachitira bwino ndicho kuchepetsa ululu. Pali ena amene sangadikire, monga amene tsinde la mtsempha wa kumanzere lachepa, ndipo pali enanso, makamaka a shuga amene mitsempha yonse itatu yadwala, amene opaleshoni yolambalalitsa magazi imawakomera kuposa sitenti.

Choncho amene mwaperekeza wodwala, musachite manyazi kufunsa dokotala mwaulemu. Kodi mankhwala okha sangakwanire? Kodi mitsempha yodwala ndi ingati, ndipo padwalapo ndi povuta kapena posavuta? Kodi muunika m'kati, ndipo ngati simutero n'chifukwa chiyani? Kodi mtengo wonse ndi wotani, kuphatikizapo mankhwala a chaka chathunthu? Ngati nthawi ilipo, imbirani kumudzi kuti abale amve okha, chifukwa mutu umodzi susenza denga. Pochoka tengani pepala lofotokoza zimene zachitika, kukula kwa sitenti ndi maina a mankhwala, ndipo mukafika kuno kalionetseni kuchipatala chimene muzikapimidwa, kaya ku Zomba Central, ku Mangochi kapena ku Queen Elizabeth.

Ntchito yotsala kunyumba

Sitenti ingaikidwe mwaluso chotani, chitsulo ndi mlendo m'magazi, ndipo magazi amafuna kuundana pa mlendo aliyense. N'chifukwa chake wodwala amapatsidwa mankhwala awiri oletsa kuundana, aspirin ndi mnzake monga clopidogrel, kawirikawiri kwa miyezi 6 mpaka 12, kenaka amapitiriza ndi amodzi. Kusiya mankhwalawa m'miyezi yoyambirira n'koopsa kuposa china chilichonse, pakuti sitenti ingatsekeke mwadzidzidzi munthu n'kugwa. Musadikire kuti botolo lithe musanafune lina. Wochotsa dzino kapena dokotala wina aliyense auzidwe kuti muli ndi sitenti. Mukaona chimbudzi chakuda ngati phula kapena magazi osasiya kutuluka, thamangirani kuchipatala, koma musasiye mankhwala mwa nokha. Mankhwala a BP, a shuga ndi otsitsa mafuta m'magazi nawonso ndi a moyo wonse, chifukwa sitenti yakonza malo amodzi koma matenda akadali m'mitsempha yonse.

Funso limene timalandira kawirikawiri ndi la mwezi wa Ramadhani. Amene wangodwala kumene mtima kapena wangoikidwa kumene sitenti asayambe kusala dokotala asadamulole, ndipo tonse tikudziwa kuti wodwala adapatsidwa chilolezo chodzabweza masiku ake akachira. Amene papita nthawi ndipo akupeza bwino akaonane ndi dokotala mwezi usadaoneke, kuti amukonzere nthawi yomwera mankhwala pa daku kapena pomasula. Chosayenera ndi kudumphitsa mapiritsi mwakachetechete poopa maso a anthu. Okonzekera ulendo wa Hajj achitenso chimodzimodzi, ndipo anyamule mankhwala okwanira m'chikwama cha m'manja pamodzi ndi pepala lija.

Zotsika mtengo kuposa ulendo wa ku India

Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo udachita pamodzi ndi WHO mu 2009 adapeza kuti munthu mmodzi mwa akuluakulu atatu alionse m'Malawi ali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka mwa iwo sankadziwa. Kupimitsa BP sikutenga mphindi zisanu, ndipo ku chipatala cha boma n'kwaulere. Mchere usapyole kasupuni ka tiyi kamodzi patsiku pa munthu, kuwerengera ndi wa m'ndiwo ndi wa m'nsomba zouma womwe. Fodya, kaya wa m'paketi, kaya chingambwe, kaya wa pamphuno, ngwosiya. Usipa, matemba, nyemba, nandolo, mgaiwa ndi masamba a m'dimba ndi abwenzi a mtima kuposa chipisi, mandasi ndi tiyi wa masupuni anayi a shuga. Kuyenda pansi kumene ena ayamba kukuona ngati umphawi chibwerere njinga zamoto za kabaza, ndi mankhwala aulere.

Ndipo zizindikiro izi aliyense pakhomo azidziwe: kulemera kapena kufinya pachifuwa kosasiya kwa mphindi 15, kofika kumkono, kukhosi, kunsagwada kapena kumsana, pamodzi ndi thukuta lozizira, mseru kapena phuma. Kwa amayi, okalamba ndi odwala shuga ululu ungakhale wochepa, munthu n'kumangomva kufooka kwachilendo ndi kubanika. Zikatero musadikire kuti kuche, ndipo musayambe n'kufunafuna amene walodza. Pezani galimoto.

Patapita milungu iwiri tidapita kwa mayi aja ndi envulopu yawo. Tidapeza ana ndi amalume awo atakhala pakhonde, bambowo ali pampando wa ndalema. Tidawawerengera zimene dokotala adalemba: malo odwala adali aatali ndi ouma, pamtsempha wotsika kutsogolo kwa mtima, sitenti itaikidwa, IVUS idaonetsa kuti pakati sidatambasuke mokwanira, adaipopanso ndi kabaluni kena mpaka idakhala bwino. Tidawauza kuti malo otere ndi amene madokotala a mtima amalangiza kuti aziunikidwa m'kati, ndiponso kuti pamthunzi wokha kuphinjika kotere kumatha kubisala.

Amalume aja adakhala chete kanthawi, kenaka adatembenukira mphwawo nati, "Tidakulankhulira zambiri, mwana wa mlongo wanga. Utikhululukire."

Tisadatsanzike tidapempha kuona mabotolo a mankhwala. Limodzi mudatsala mapiritsi asanu ndi limodzi, ndipo padalibe amene adaganizapo za kokapeza ena. M'mawa mwake mnyamata uja adakwera minibasi ya ku Zomba pepala lili m'thumba.